Momwe mungasewerere London System popanda kutaya rook ya pa a1

Ambiri mwa ife amene timasewera chess madzulo kuno ku Mangochi Boma timakonda London System, njira yoyambira masewero ukakhala ndi zidutswa zoyera, chifukwa siifuna kuloweza mabuku. Dzinali linachokera ku mpikisano umene unachitikira ku London m'chaka cha 1922, ndipo mu 2023 Ding Liren anapambana nayo masewero achisanu ndi chimodzi pamene ankalimbirana ukatswiri wa dziko lonse ndi Ian Nepomniachtchi.

Yambani ndi kukankha pawn (msilikali wamng'ono wa kutsogolo) pa bokosi la d4, kenako tulutsani bishopu wa pa c1 akakhale pa f4 musanakankhe e3, chifukwa mukayamba ndi e3 bishopuyo amatsekeredwa kumbuyo kwa anzake. Mukatero, ikani ma pawn pa e3 ndi c3 kuti pamodzi ndi d4 akhale ngati mafuwa atatu, ndipo cholinga chanu chonse chikhale kulamulira bokosi la e5.

Pamene ndikufuna muchenjere kwambiri ndi apa. Bishopu akangochoka pa c1, pawn ya pa b2 imatsala yopanda mlonda. Tsiku lina, pa khonde la sitolo pafupi ndi mlatho wa Shire, ndinathamangira kutulutsa hatchi pa f3 ndi kusiya inzake pa b1. Mkulu amene ndinkasewera naye anakankha c5, natulutsa hatchi pa c6, kenako mfumukazi yake inatera pa b6. Ndinayankha poika mfumukazi yanga pa b3, iye anakankha c4, ine ndinabwerera pa c2, ndipo anaika bishopu wake pa f5 ngati wongotaya. Ndinamudya bishopuyo mosangalala. Nthawi yomweyo mfumukazi yake inadya b2, ndipo rook yanga ya pa a1 (chidutswa chonga nsanja cha pakona) inalibe kothawira chifukwa hatchi yanga yomwe inali itatseka njira. Zinandipweteka mtima sabata yathunthu, makamaka chifukwa ana asukulu amene ndimawaphunzitsa anali ataima pomwepo akuonerera.

Mankhwala ake ndi kusintha ndondomeko (B ndi bishopu, N ndi hatchi, ndipo pa nambala iliyonse mumayamba ndinu, mnzanu n'kuyankha): 1.d4 d5 2.Bf4 Nf6 3.e3 c5 4.c3 Nc6 5.Nd2. Hatchi ikakhala pa d2, bokosi la b1 limatseguka, kotero mnzanu akatchera msampha womwewo mumadya bishopu wake, ndipo akadya b2 mumangobweza mfumukazi pa b1 kapena kusuntha rook, mwatsala ndi phindu. Ngati mwagwa kale m'ndondomeko yakaleyo, musadye pa f5. Bwezani mfumukazi pa c1.

Yeserani zimenezi pa bolodi lenileni. Pogula, werengani zidutswa zonse 32 wogulitsa akuona, chifukwa ine anandigulitsa bokosi lomata bwino koma losowa ma pawn awiri, ndipo mabolodi otchipa a katoni amafutukuka ndi chinyezi cha kunyanja kuno. Lichess, pulogalamu yosewerera chess pa intaneti, ndi yaulere ndipo sidya bandulo yambiri.

Zotsalazo n'zosavuta. Tulutsani hatchi ina pa f3 ndi bishopu pa d3. Mnzanu akaika bishopu pa d6, bwererani pa g3, kuti akadya mubwezere ndi pawn ya h ndipo mzere wa h utsegukire rook yanu. Kenako khazikani hatchi pa e5, muichirikize pokankha pawn pa f4, ndipo mulunjike pa h7. Kumeneko kukatsekeka, kankhani e4.