Kusintha mlingo wa ma log popanda kuzimitsa pulogalamu: malangizo kwa ogwiritsa ntchito SLF4J

Pulogalamu ikayamba kuchita zachilendo pa seva imene anthu akuidalira, wokonza amafuna kuona zambiri kuposa zimene ma log (mauthenga amene pulogalamu imalemba onena zimene ikuchita) a tsiku ndi tsiku amasonyeza. Kuizimitsa ndi kuiyatsanso n'cholinga chosintha mlingo wa ma log (malire osankha mauthenga oti alembedwe) nthawi zambiri kumathawitsa vuto limene akulisakalo, chifukwa zonse zimene zinali m'memore zimafufutika. Choncho njira yosinthira mlingo pulogalamu ili mkati mogwira ntchito iyenera kukonzedweratu vuto lisanabwere.

Polemba ma log, olemba Java ambiri amadzera pa SLF4J, laibulale imene inalembedwa ndi Ceki Gülcü, yemwenso anayambitsa Log4j ndi Logback. Ili ndi milingo isanu, kuyambira wotsikitsitsa: TRACE, DEBUG, INFO, WARN ndi ERROR. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti Logger wa SLF4J (chida chimene khodi imatumizira mauthenga) alibe setLevel, lamulo losinthira mlingo, ndipo zimenezi zinachitika mwadala. SLF4J ndi mthenga chabe: amanyamula uthenga kukapereka kwa mwini ntchito, kaya ndi Logback, Log4j 2 kapena java.util.logging, ndipo mwini ntchitoyo ndiye amagamula zoti zilembedwe ndi zoti zitayidwe. Musasokonezeke ndi atLevel amene anabwera mu SLF4J 2.0 m'chaka cha 2022, pakuti iye amasankha mlingo wa uthenga umodzi, osati malire a logger.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti khodi yokhudza mwini ntchitoyo muisonkhanitse m'kalasi imodzi yokha, imene izilandira dzina la logger ndi mlingo wofunidwa. Mu Logback, kalasiyo isandutse logger kukhala ch.qos.logback.classic.Logger ndi kuitana setLevel. Mu Log4j 2 iitane Configurator.setLevel. Mukamwaza khodi imeneyi m'makalasi ambiri, mwataya phindu lenileni la SLF4J, limene ndi ufulu wosintha laibulale yapansi popanda kugwira pulogalamu yonse. Ufulu umenewu kufunika kwake kunaonekera mu December 2021, pamene chibowo cha chitetezo chotchedwa Log4Shell, cha mu Log4j 2, chinadziwika poyera ndipo makampani anafunika kudziwa mwamsanga kumene laibulaleyo inalowa. Amene muli pa Spring Boot musavutike kulemba zanu, chifukwa Actuator, gawo lake loyang'anira pulogalamu, ali kale ndi khomo la /actuator/loggers limene, mukaonjezera dzina la logger kumapeto, limalandira pempho la POST lokhala ndi configuredLevel, ndipo mukatumiza null logger amabwerera ku mlingo umene amatengera kwa kholo lake, logger wa pamwamba pake. Khomo limeneli litsekedwe kwa anthu akunja.

Palinso njira ya fayilo. Logback amawerenganso logback.xml mukaika scan="true", ndipo mukapanda kutchula scanPeriod amayang'ana kamodzi pa mphindi iliyonse, pamene Log4j 2 amagwiritsa ntchito monitorInterval amene amawerengedwa m'masekondi.

Posintha mlingo, musakhudze logger wa pamwamba wotchedwa root. Ma logger amatengera mlingo kwa makolo awo potsata madontho a m'dzina, kotero kuti kuika root pa DEBUG kumatsegula pakamwa pa laibulale iliyonse imene ili m'pulogalamu, disiki n'kudzaza, seva n'kuyamba kuchedwa, ndipo mzere umene mumaufuna n'kumira m'mizere ina yosawerengeka. Sankhani phukusi limodzi limene mukulikayikira, mwachitsanzo lokhudza malipiro okha. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zinsinsi za anthu: org.apache.http.wire, logger wa laibulale ya Apache HttpClient, akakhala pa DEBUG amalemba zonse zimene laibulaleyo ikutumiza ndi kulandira pa intaneti, kuphatikizapo mutu wa Authorization umene umanyamula zinsinsi zolowera, ndipo Hibernate, laibulale yolumikizana ndi database, pa TRACE amatha kusonyeza zenizeni zimene zikulowa m'database. Pachifukwa chimenechi kalasi yanu ija izisunga mlingo wakale, izilemba amene wasintha ndi nthawi yake, ndipo izibwezera yokha mlingowo pakapita mphindi zochepa, chifukwa munthu amene wangopeza vuto usiku sakumbukira kutseka zimene anatsegula.

Zimachitika kuti mlingo wasinthidwa koma mizere ya DEBUG sikuoneka. Yambani mwayang'ana appender, chida chimene chimalemba uthenga m'fayilo kapena pa sikirini, pakuti ngati ali ndi ThresholdFilter wa INFO, adzataya uthengawo ngakhale logger ataulola. Kenako funsani kuti pulogalamuyo ikuyenda pa maseva angati, chifukwa kusintha kochitika m'memore kumakhudza seva imodzi yokha imene yalandira pempho, ndipo kumatha seva ikayatsidwanso. Onaninso ngati wina anasunga yankho la isDebugEnabled (funso loti kodi DEBUG ndi wotsegula) pachiyambi m'malo mofunsa nthawi iliyonse; kulemba uthenga ndi {} kumachotsa kufunika kwa funsoli m'malo ambiri.

A java.util.logging ali ndi msampha wawo wapadera. LogManager sagwiritsitsa ma logger ake, choncho logger amene palibe wina akumusunga akhoza kuchotsedwa ndi garbage collector, gawo la Java lochotsa m'memore zinthu zosagwiritsidwanso ntchito, ndipo akapangidwanso mlingo umene munaika umakhala utapita. Musungeni mu static final. Ngati mauthenga ake mumawapititsa ku Logback kudzera pa jul-to-slf4j, mlatho wolumikiza java.util.logging ndi SLF4J, onjezani LevelChangePropagator mu logback.xml kuti mlingo ukasintha mbali ya Logback, mbali inayo izitsatiranso. Zonsezi muziyese pa seva yoyesera, ndipo malamulo ake alembedwe pamalo pamene aliyense wa gulu lanu amene ali pantchito usiku angawapeze.