Momwe mungawerengere lipoti la sikani musanaonane ndi dokotala

Mukajambulidwa, musachoke ndi chithunzi chokha. Funsani lipoti lolembedwa ndi radiologist, dokotala amene ntchito yake ndi kuwerenga zithunzizo. Kuli malo ena ojambulira a m'kachipinda omwe amangokuuzani pakamwa kuti "muli ndi chotupa", pepala losainidwa osakupatsani. Kumeneko ndalama zimangolowa m'madzi, ndipo dokotala wanu adzakutumizani kukajambulitsanso.

Lipoti liyambeni kumapeto, pamene alemba Impression kapena Conclusion. Mutu wa nkhani uli pamenepo. Gawo la Findings limatalika chifukwa amalembamo zonse zimene aona, ndi zabwinobwino zomwe.

Ine ndinagwa m'mbuna pa Findings pomwepo. Lipoti la sikani yotchedwa ultrasound ya m'mimba mwanga linali ndi mawu akuti lesion pachiwindi. Ndinawasaka pa intaneti pakati pa usiku, zimene ndinapeza zonse zinali za khansa. Masiku anayi tulo osabwera, mpaka ndinayamba kulongosolera akunyumba za mapepala a kubanki. Chonsecho lesion ndi malo alionse amene akuoneka mosiyana ndi powazungulira: chipsera chakale, kathumba ka madzi, kapena chotupa. Mzere wapansi, umene mantha anandidumphitsa, unati simple cyst, kathumba ka madzi kosaopsa. Mawu ofunika kuwayang'anitsitsa ndi benign, kutanthauza kuti si khansa, ndi malignant, kutanthauza khansa. Ngakhale alembe suspicious, mlandu sunathe. Nthawi zambiri amatapa kanyama pang'ono n'kukapima, ndiye biopsy imeneyo.

Mawu ena ndi osavuta. Unremarkable amamveka ngati chipongwe, koma akutanthauza kuti sanaone vuto. Opacity ndi malo ooneka oyera mbuu pa X-ray ya mapapo, effusion ndi madzi odikha pamene sayenera kukhala, cardiomegaly ndi mtima wokula. Pachithunzi cha chifuwa, kumanja kwanu kumaoneka kumanzere, ndiye musakangane ndi dokotala, onani chilembo cha R kapena L pakona.

Akanena za contrast, ndi mankhwala oonetsa ziwalo bwino. Auzeni ngati muli ndi vuto la impso kapena ngati anakuwenganipo kale. CT ndi X-ray yomweyo yojambula thupi m'magawomagawo, choncho oyembekezera anene msanga. MRI imagwiritsa ntchito maginito amphamvu, nenani za chitsulo chilichonse chimene anakuikani m'thupi.

Mawu otsala amene simunawamvetse alembeni papepala, mukafunse dokotala nthawi imodzi.