Mwana akalowa timu ya rugby kuno ku Joni, yambani ndi mano

Makolo anzanga ochokera kumudzi, mwana akabwera ndi kalata yoti amutenga m'timu ya rugby, musathamangire ku sitolo ya zamasewera ya Sportsmans Warehouse ndi malipiro a mwezi wonse. Funsani kaye aphunzitsi a zamasewera ngati anawo amavala jombo. M'mapulayimale ambiri muno mu South Africa ana amasewera rugby osavala nsapato, ndiye jombo zanu zodulazo zingathe kugona pansi pa bedi mpaka phazi litazipitirira.

Chimene ine sindinyengerera nacho ndi gum guard, kapulasitiki kolumidwa kaja koteteza mano. Ku New Zealand anakalamula kwa osewera onse kuyambira 1998, ndipo mwana wanga sakwera basi ya timu alibe kameneka. Kotchipa ka m'sitolo mumakaumba nokha kukhitchini. Wiritsani madzi, muwaphule, mukaviike kwa masekondi amene alembedwa papaketi, osapitirira, chifukwa kamafota. Kakazizirako pang'ono mwana akavale kumano akumwamba, alume mosalimbitsa, akanikize ndi zala kunja kwa milomo uku akuyamwa mpweya, kenako mukaponye m'madzi ozizira. Muuzeni ayasamule. Kakagwa, sikanagwire, bwerezani. Amene ali ndi waya wowongola mano apite kwa dokotala wa mano. Gulani tiwiri, poti timatayika m'udzu sabata iliyonse, ndipo asamabwerekane ndi anzake, chonde.

Jombo sankhani poyang'ana bwalo, osati dzina. Rugby ya sukulu imaseweredwa nthawi yozizira, pamene kuno ku Gauteng mvula kulibe ndipo nthaka imauma gwa. Timisomali tatitali tachitsulo pabwalo lotere timangopweteka kuphazi. Tengani za timisomali tatifupi tapulasitiki. Anzathu a ku Cape Town, kumene mvula imagwa nthawi yomweyi, ndiwo afunika tatitali. Ngati mwana amakankha mu scrum, paja osewera a matimu awiri amawerama atakolekerana n'kumakankhana polimbirana mpira, funsani jombo za timisomali 8 zimene zimagwira pansi bwino. Lamulo la World Rugby, bungwe loyendetsa rugby padziko lonse, silola kamsomali kopitirira mamilimita 21, ndipo oyimbira amayang'ana pansi pa jombo masewera asanayambe. Za kaunjika zilibe vuto, sukulu zambiri zimagulitsanso zovala zimene ana ena anasiya, koma sisitani chala pakamsomali kalikonse. Jombo zimene mwini wake ankayenda nazo pasimenti zimanoleka, zingacheke mwana wa wina.

Chipewa cha scrum ndicho chimapusitsa makolo ambiri. Ndi siponji yopyapyala, yosapitirira sentimita imodzi, ndipo ntchito yake ndi kuteteza makutu kuti asatupe komanso khungu kuti lisang'ambike. Ubongo sichiteteza. Mwana akagunda mutu n'kuyamba chizungulire, atuluke m'bwalo ndipo akaonedwe ndi dokotala, kaya anavala chipewa kaya sanavale. Pogula, onani m'kati ngati muli kachizindikiro kosonyeza kuti World Rugby inachivomereza, ndipo chimukwane thi, asamachikoke kumaso akamathamanga. Zotchinga mapewa ndi chimodzimodzi, ine ndimaziika kumapeto ndalama zikatsala.

Mpira woyeserera kunyumba musagule Gilbert wodula wa machesi. Wa kusekondale atenge saizi 5, wamng'ono saizi 4 kapena 3, ndipo mulembepo dzina ndi inki yosafufutika.