Mmene mungasankhire makina ofufuzira pa intaneti ndi kuwadziwitsa za kuno ku Nkhotakota

Pafupifupi foni iliyonse ya Android yomwe imagulitsidwa pa Boma kapena ku Dwangwa imabwera ndi Google itaikidwamo kale, moti ambiri a ife timaona ngati kufufuza pa intaneti ndi Google n'chinthu chimodzi. Kampaniyi, yomwe Larry Page ndi Sergey Brin adaiyambitsa mu 1998, imayankha mafunso pafupifupi 90 mwa 100 alionse omwe anthu amafufuza pa dziko lonse. Kuti makina ake ndi amphamvu palibe angatsutse, koma mphamvu yokhayo siimene idaifikitsa pamenepo. Mu Ogasiti 2024, woweruza Amit Mehta wa ku America adagamula kuti Google idaphwanya malamulo a mpikisano pa malonda, ndipo pa mlanduwo padadziwika kuti m'chaka cha 2021 chokha kampaniyi idalipira madola 26.3 biliyoni kwa opanga mafoni, eni mabrawuza (mapulogalamu otsekulira masamba a pa intaneti, monga Chrome) ndi makampani a netiweki kuti makina ake akhale oyamba kuoneka munthu akangoyatsa chipangizo chake.

Alimi a mpunga a m'mbali mwa mtsinje wa Bua amadziwa zomwe zimachitika pamudzi pakafika wogula mmodzi yekha: mtengo amanena ndi iye, sikelo ndi yake, ndipo alibe chomukakamiza kuti akonze kachitidwe kake. Pa kufufuza zilinso chimodzimodzi, ndipo ife olankhula Chichewa ndi amene zimatipweteka kwambiri, chifukwa kampani yopanda woiopseza ilibe changu chokonza mayankho a anthu omwe sabweretsa ndalama zambiri za otsatsa malonda.

Musanasinthe kalikonse, dziwani kuti makinawa sayendayenda pa intaneti nthawi yomwe mwalemba funso lanu. Amakhala atatumiza kale timapulogalamu tomwe timatsata maulalo kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina, n'kusunga zomwe tapeza m'kaundula wamkulu, ndipo yankho lomwe mumalandira limachokera m'kaundulamo. Makampani omwe ali ndi kaundula wawowawo ndi ochepa: Google, Bing ya Microsoft yomwe idayamba mu 2009, Brave Search, Mojeek ya ku Britain, Yandex ya ku Russia ndi Baidu ya ku China. Ena amabwereka. Yahoo ndi DuckDuckGo amatenga mayankho awo ambiri ku Bing, pomwe Startpage imatenga ambiri ku Google. Choncho munthu amene wayesa Bing, kenako n'kuyesa Yahoo, sadayerekeze kanthu kwenikweni, popeza wafunsa kaundula mmodzi kawiri. Kuti muone kusiyana, ikani Google, Bing ndi Brave Search pambalimbali.

Kusintha kwake sikutenga nthawi. Mu Chrome, dinani timadontho titatu tomwe tili pamwamba kudzanja lamanja, lowani pa Settings, kenako pa Search engine, ndipo musankhe makina omwe mukufuna. Ngati dzina lomwe mukulifuna silikuoneka pa mndandandawo, tsekulani kaye tsamba la makinawo, mufufuzepo kamodzi, kenako mubwerere, chifukwa Chrome imaonjezera mayina a makina omwe mwawagwiritsa ntchito posachedwa. Mu Firefox ndi mu Opera njira yake ndi yofananako. Kabokosi kofufuzira komwe kamakhala pa nkhope ya foni nthawi zambiri kamakhalabe ka Google, kotero muzolowere kutsekula brawuza. Anthu a ku Ulaya amafunsidwa kuti asankhe okha makina ofufuzira akangogula foni yatsopano ya Android, ndipo izi zidayamba mu 2020, bungwe la European Commission litalipiritsa Google chindapusa cha mayuro 4.34 biliyoni mu 2018. Kwathu kuno foni siikufunsani, mumayenera kupita nokha kukasintha. Kwa amene bandulo imawathera msanga kapena amakhala komwe netiweki imavuta, monga m'midzi ina ya kumtunda chakufupi ndi nkhalango, tsamba la lite.duckduckgo.com limabweretsa mawu okhaokha opanda zithunzi ndipo limatseguka ngakhale netiweki ikhale yofooka.

Poyesa makinawa musayambe ndi funso lomwe simudziwa yankho lake, chifukwa simungazindikire akakunamizani. Afunseni zomwe mukuzidziwa bwino: mtunda wochoka pa Boma kukafika ku Salima pa msewu wa M5, malo omwe pali mtengo womwe David Livingstone adakumaniranapo ndi Jumbe, nyengo yomwe mpasa umakwera mtsinje wa Bua kukaswana, kapena kampani yomwe ili ndi fakitale ya shuga ku Dwangwa. Funso lililonse mulilembe m'Chichewa, kenako m'Chingerezi, ndipo muyang'ane mayankho asanu oyambirira. Onani ngati akunena za Malawi, ngati ndi atsopano, komanso kuti otsatsa malonda atenga malo ochuluka bwanji musanafike pa yankho lenileni. Ine ndimaona kuti pa mapu ndi pa malo a bizinesi Google idakali patsogolo ndithu, ndipo sindingalangize munthu kuti aisiyiretu; chomwe ndikulimbikitsa n'chakuti mukhale ndi makina achiwiri omwe mumawadziwa, oti muzipitako yankho loyamba likakukayikitsani.

Mayankho oipa ambiri amabwera chifukwa cha kafunsidwe. Mukalemba Chia pokha, makina onse adzakupatsani nkhani za timbewu tomwe anthu akunja amadya pofuna thanzi, osati dziwe lathu lija lomwe amagulitsirapo nsomba pa mlatho, choncho onjezani mawu akuti Nkhotakota kapena Malawi. Mukafuna kuti mawu aoneke ndendende mmene mwawalembera, atsekereni m'zizindikiro za mawu ogwidwa, monga "Chia Lagoon". Kamzere kochotsera koikidwa kutsogolo kwa liwu, monga -seeds, kamachotsa masamba omwe ali ndi liwulo. Mukalemba site:gov.mw pambuyo pa funso lanu mudzalandira za m'masamba a boma la Malawi okha, site:ac.mw idzakupatsani za m'masukulu a ukachenjede monga LUANAR, ndipo filetype:pdf imathandiza mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi amene akufuna chikalata chathunthu choti asunge m'foni n'kumawerenga popanda bandulo. Musaiwalenso kusefa ndi nthawi. Munthu wofuna kudziwa ngati msewu ukudutsika m'nyengo ya mvula akhoza kulandira nkhani za madzi osefukira a ku Dwangwa a mu Febuluwale 2024 n'kuganiza kuti ndi za lero, pomwe akadasankha mayankho a sabata ino yokha sakadasokonezeka.

Mayankho olembedwa kuti Sponsored kapena Ad ali pamwamba chifukwa eni ake adalipira, osati chifukwa ndi oona kuposa ena. Chidule chomwe makina a AI (mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu) amalemba pamwamba pa mayankho nachonso muzichitenga mosamala, makamaka pa za mankhwala, feteleza ndi ndalama. Tsekulani tsamba lomwe chatengako mfundo zake muone nokha.

Tsopano tifike pa gawo lomwe ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse. Makina ofufuzira, kaya akhale amphamvu chotani, sangapeze chomwe sichidalembedwe poyera. Nkhani zambiri za m'boma lathu, monga mitengo ya usipa ndi chambo pa doko, tsiku lomwe Ilala ikuyembekezeka, malo ogona alendo, mayina a mbewu za mpunga ndi kasamalidwe kake, zimayenda m'magulu a WhatsApp, momwe timapulogalamu tija sitingalowe, kapena zimaikidwa pa Facebook ngati chithunzi cha pepala lolembedwa pamanja, chomwe makina amavutika kuchiwerenga. N'chifukwa chake mlendo wofufuza za Nkhotakota amapeza zolembedwa ndi alendo anzake, ndipo mwana wa sukulu wofufuza m'Chichewa amabwerako chimanjamanja.

Ngati muli ndi golosale, chigayo cha mpunga, malo ogona alendo kapena sukulu, lembetsani malo anu pa Google Business Profile, zomwe n'zaulere, koma musalekere pomwepo. Alembetseninso pa Bing Places, ndipo muwaike pa OpenStreetMap, mapu omwe aliyense amaloledwa kukonza ndipo mapulogalamu ambiri amatengako. Dzina la bizinesi, malo ndi nthawi yotsekulira zikhale zofanana paliponse, popeza zikasiyana makina amakayika n'kukutsitsani. Munthu amene wapereka zonsezi kwa kampani imodzi yokha waithandiza kukula, ndipo makina ena aja akalephera kupeza chigayo chake, anthu amati ndi achabechabe n'kubwerera komwe adachoka. Mpikisano umafa motero, ngakhale popanda wina wolipira mabiliyoni.

Magulu a alimi, makomiti a m'mbali mwa nyanja, mipingo ndi mizikiti omwe ali ndi webusaiti alembe zinthu zawo ngati mawu enieni otayipidwa, osati chithunzi. Tsamba lililonse likhale ndi mutu wonena zomwe zilimo komanso malo, mwachitsanzo mitengo ya mpunga wa Kilombero ku Nkhotakota, ndi deti lomwe lalembedwa. Lembani m'Chichewa molimba mtima ndipo mutsate kalembedwe kamodzi, chifukwa makina amaphunzira chinenero kuchokera pa zomwe anthu alemba, ndipo tikamafupikitsa mawu monga timachitira pa mameseji timawasokoneza. Google Translate idalandira Chichewa mu 2014, komabe zolembedwa zathu pa intaneti n'zochepa kwambiri, moti Wikipedia ya Chichewa, yomwe ili pa ny.wikipedia.org, idakali yaing'ono poyerekeza ndi ya Chiswahili. Mphunzitsi mmodzi amene angalembepo nkhani yolongosoka ya mbiri ya ma Jumbe kapena ya njovu zomwe zidasamutsidwira ku nkhalango ya Nkhotakota kuchoka ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, akhala atathandiza makina onse nthawi imodzi, pakuti onse amawerenga Wikipedia.

Mukapeza yankho lolakwika musangolidutsa. Pafupi ndi yankho lililonse la Google pali timadontho titatu pomwe mungatumizire ndemanga, pa Google Maps pali Suggest an edit pokonzera malo olakwika, ndipo Bing nayo ili ndi potumizira madandaulo. Zikakhala kuti wamalonda wa m'dziko muno akutsatsa zabodza kuti akope ogula, nkhaniyo ndi yokatula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Amene amayang'anira webusaiti alembetse tsamba lake pa Google Search Console ndi pa Bing Webmaster Tools, ndipo konse kuwiri atumize sitemap, yomwe ndi mndandanda wa masamba onse a webusaitiyo. Palinso IndexNow, njira yomwe Microsoft ndi Yandex adayambitsa mu 2021, yodziwitsira makina omwe amaigwiritsa ntchito nthawi yomweyo tsamba likasintha. Pakatha masiku angapo, mwinanso masabata, lembani site: motsatana ndi dzina la webusaiti yanu m'makina alionse kuti muone masamba omwe alowa m'kaundula, ndipo omwe akusowa muwatumizenso.