Mukamapita ndi ana ku drag race, yambani mwagula zotseka m'makutu

Abale anga a kuno ku Joni amene mukufuna kupita ndi ana ku drag race koyamba, mpikisano wa liwiro uja wa magalimoto awiriawiri pamsewu wowongoka, ife tinapita ku bwalo la Tarlton kufupi ndi Krugersdorp, ndiye ndati ndikutsineni khutu.

Musananyamuke dzerani ku hardware mugule ma earmuffs, aja amavala anyamata omanga nyumba aja, mwana aliyense ake. Timapulagi tasiponji tija ndi totchipa inde koma m'makutu a mwana wamng'ono timangogwa, ine ndinakhalira kutola pansi. Phokoso lake si lamasewera ayi, makamaka akamapanga burnout, kupukusa matayala kuti atenthe agwire bwino msewu, mpaka m'chifuwa mumachita kunjenjemera, kamtsikana kanga kanangobisa nkhope mu jekete langa kumalira. Muyambe kuwaveka kunyumba azolowere, apo ayi akafika uko azingovula.

Pokhala musathamangire pafupi ndi poyambira, utsi wa matayala umathera pamenepo ndipo umatsokomoletsa. Khalani chapakati kapena chakumapeto, msewu wake ndi wa mamita 402 okha, muziona zonse bwinobwino.

Mpikisano umodzi umatha m'masekondi ochepa kenako kudikira, ndiye ana amatopa msanga. Ife tinawapatsa ntchito yoyang'ana magetsi a poyambira, achikasu kenako obiriwira, ofiira akayaka ndiye kuti wina wanyamuka msanga waluza basi, ankangolimbirana kulosera wopambana. Zipewa ndi madzi musaiwale, dzuwa la kuno mukulidziwa. Nambala yanu ya foni mulembe pamkono pa mwana, anthu amakhala pikitipikiti.