Mmene mungayambitsire kalabu ya ophunzira pa koleji ya ntchito zamanja

Ndinaphunzira ukalipentala, ndipo lero ndili ndi shedi yanga momwe ndimakhoma zitseko, mabedi ndi makabati. Kupala thabwa ndi kudula mano a jointi ndinaphunzira m'kalasi. Koma kuyankhula ndi kasitomala, kutchula mtengo osanjenjemera ndi kusunga ndalama za gulu, izi ndinazitola mu kalabu yomwe tinayambitsa tilipo 12, Loweruka lina pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wekishopu. Ndiye achimwene ndi achemwali amene muli ku Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu, Livingstonia kapena m'makoleji a m'madera aja anayamba mu 2015, tamverani mmene mungachitire.

Musayambe ndi zisankho. Ndaona magulu akusankha wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi makomiti atatu, kenaka pakatha mwezi palibenso wobwera chifukwa palibe chogwira. Yambani ndi ntchito imodzi yooneka ndi maso. Ife tinapita ku sukulu ya pulayimale yapafupi, tinapeza madesiki othyoka ataunjikidwa kumbuyo kwa kalasi ana akukhala pansi. Tinapempha aphunzitsi aakulu kuti komiti ya sukulu igule misomali ndi matabwa ochepa, ife tibweretse manja. Pa masabata anayi omwe tinakonza madesikiwo zinaoneka zokha kuti wosunga nthawi ndi ndani, wowerengera bwino ndi ndani, ndipo wobwera pa nthawi ya chakudya yokha ndi ndani. Zisankho tinachita pambuyo pake, ndipo sizinavute.

Kalabu isakhale ya luso limodzi. Desiki ili ndi thabwa pamwamba ndi chitsulo pansi, choncho kalipentala amafuna wowotcherera. Atelala anatisokera maepuloni, omanga anakonza masitepe a kalasi omwe anali atagumuka, ndipo wa zamagetsi ndi amene ankationera mawaya a gulainda. Kunja kuno ntchito imabwera chomwecho: womanga nyumba akafika pa denga amaimbira kalipentala amene akumudziwa.

Musanagwire chida chilichonse, pezani mlangizi mmodzi akhale patironi wanu, ndipo lemberani a pulinsipolo kalata ya tsamba limodzi yonena kuti ndinu ndani, muzikumana liti, ndipo mukufuna kugwiritsa ntchito wekishopu iti. Sankhani mlangizi amene amatsalira pa koleji ena ataweruka, osati amene ali ndi udindo waukulu. Makiyi azikhala ndi iyeyo. Makina odulira matabwa asalizidwe iye kulibe, wowotcherera asayatse popanda chigoba cha kumaso, ndipo wovala masilipasi abwerere kuhositelo akavale nsapato. Chida chilichonse chotuluka, kaya ndi randa, tchizulo kapena sikweya, chilembedwe m'kabuku ndi dzina la wochitenga. Chida chimodzi chikasowa, chitseko cha wekishopu chimatsekedwa kwa nonse.

Tsopano nkhani ya ndalama, yomwe imapha magulu ambiri. Ntchito yoyamba ija inali yaulere, koma anthu ataona madesiki anayamba kubwera: wina benchi la tchalitchi, wina shelefu ya grosale, mayi wina tebulo logulitsirapo mandasi. Tinalakwitsa polola kuti ndalama zonse zizilowa mu foni ya munthu mmodzi. Mnzathuyo atagwa maliro kwawo anatapako za thiransipoti ali ndi mtima wobweza, koma Loweruka litakwana panalibe zogulira guluu ndi vanishi, kasitomala akudikira. Sanali wakuba. Ife ndi amene tinamusenzetsa katundu yekha. Kuchokera pomwepo tinachita monga amachitira amayi ku banki m'khonde: bokosi la maloko awiri, makiyi kwa anthu awiri osiyana, bokosilo mu ofesi ya patironi. Ndalama ikabwera pa Mpamba kapena Airtel Money, uthenga wake uzionetsedwa kwa onse ndipo itapidwe sabata yomweyo. Msungichuma aziwerenga buku mokweza pa msonkhano uliwonse, ngakhale mutalowa kakobiri kokha.

Potchula mtengo, khalani pansi nonse ndi pepala. Lembani matabwa angati ndi a mtengo wanji, chifukwa paini ndi mbawa sizifanana. Misomali, guluu, sandipepa, vanishi, ngakhale ya kabaza wonyamula matabwa kuchokera kumsika. Kenaka onjezani ya manja anu. Ophunzira ambiri amachita manyazi pamenepa, amati "tikadaphunzira", n'kutchula mtengo wa zipangizo zokha. Musatero. Tchulani motsikirapo kusiyana ndi amisiri a kumsika, koma musawaphere msika ndi mitengo yachabechabe, chifukwa chaka chamawa mudzakhala pakati pawo. Kasitomala apereke ya zipangizo ntchito isanayambe. Phindu ife tinkaligawa patatu: gawo lina logulira zida za kalabu, lina losunga, lina la amene anagwira ntchitoyo malinga ndi masiku omwe anabwera.

Pali china chimene chimandiwawa mpaka pano. Mtsikana akalowa mu kalabu, anyamata amathamangira kumupatsa cholembera kuti akhale mlembi. Ayi, mupatseni sowo. Amene ankadula jointi yogwirana bwino kuposa tonse m'gulu lathu anali mtsikana, ndipo tinachedwa kuzindikira chifukwa miyezi iwiri yoyamba tinkangomutuma kupaka vanishi.

Kamodzi pa teremu itanani mmisiri amene anatuluka pa koleji pomwepo adzakuuzeni mmene anapezera kasitomala woyamba. Pitaninso mukaone mawekishopu a makampani. Musaope kugogoda: malinga ndi lamulo la TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, olemba anthu ntchito amayenera kupereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunziro ngati anuwa, choncho simukupempha zachilendo. Jambulani ntchito iliyonse musanayambe ndi mutamaliza. Pofunafuna malo a atachimenti, kokaphunzirira ntchito ku kampani, zithunzi za mu foni zinandiyankhulira kuposa kalata.

Atachimenti yomweyo ndi imene imagwetsa kalabu, chifukwa akuluakulu onse amachoka nthawi imodzi. Udindo uliwonse ukhale ndi wachiwiri wochokera m'chaka choyamba, ndipo aziphunzira pogwira, osati poonerera. Kukatsala mwezi kuti muchoke, werengani zida pamaso pa patironi, tsekani buku la ndalama, asayine otuluka ndi olowa. Manambala a makasitomala muwalembe m'buku la kalabu, asapite ndi foni ya munthu. Ntchito yomaliza ya teremu imeneyo aitsogolere achaka choyamba, kuyambira kuyeza mpaka kukapereka katundu, inu muzingowagwirira thabwa.