Mmene mungapimitsire mitsempha ya mtima yobadwa nayo yolakwika ku China

Mtima nawonso umadya, ndipo amaudyetsa ndi mitsempha iwiri ya koronale, wakumanja ndi wakumanzere, yonse imaphukira patsinde pa mtsempha waukulu uja wa aorta. Koma pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse amabadwa mtsempha wina utaphukira malo olakwika, ambiri amakalamba osadziwa nkomwe ndipo palibe chimawachitikira. Madokotala a ku China akamajambula anthu awo ndi CT, sikani yoona m'kati mwa thupi ndi cheza cha X-ray, chomwe amachipeza kawirikawiri ndi mtsempha wakumanja wotulukira mbali yakumanzere. Zimaopsa ukadutsa pakati pa aorta ndi mtsempha wopita kumapapo, munthu akamathamanga umapanikizika magazi osafika bwino, ndiye mumangomva kuti mnyamata wamphamvu wagwa pa bwalo la mpira.

Ndiye choyamba musanyozere zizindikiro. Kupweteka pachifuwa kapena kukomoka uli mkati mochita masewera, makamaka kwa wachinyamata, pitani kwa dokotala wa mtima ndithu. Ndikutsindika chifukwa ECG, kuyeza kwa magetsi a mtima kuja, ikhoza kutuluka bwinobwino pomwe vuto lilipo, nde munthu amabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Mufunseni dokotala ngati simukufunika sikani ya mitsempha, ku China amaitchula kuti guanmai CTA, ndipo zipatala zikuluzikulu za mtima monga Fuwai ku Beijing zimajambula tsiku ndi tsiku. Kwa ana amayamba ndi eko, kamakina koyendetsa pachifuwa atapaka kajelo kozizira kaja, kalibe cheza cha X-ray.

Khanda lili ndi nkhani yakeyake. Pali vuto lotchedwa ALCAPA pomwe mtsempha wakumanzere umachokera ku mtsempha wa kumapapo, limapezeka mwa mwana mmodzi pa 300,000 obadwa, ndipo limayamba kuonekera pa miyezi 2 kapena 3. Mwana akamayamwa amalira mosatonthola, thukuta pamphumi, kupuma mwabefu, thupi osakwera. Ameneyo musachedwe naye, opaleshoni imapulumutsa.

Tsiku la CT lisanafike akuyezani magazi kuona impso, chifukwa mankhwala a ayodini omwe amabaya kuti mitsempha iwale pachithunzi amatuluka kudzera mu impso. Auzeni ngati munatupapo kapena kuyabwa ndi mankhwala amenewa, ngati muli ndi mphumu, ngati mumamwa metformin wa shuga, komanso amayi ngati muli oyembekezera. Khofi, tiyi wamphamvu ndi fodya zisiyeni tsiku limenelo, ndipo nthawi zambiri amati musadye kwa maola angapo.

Mtima umafunika uzigunda pang'onopang'ono, cha m'ma 60 pa mphindi, kuti chithunzi chisachite mbuu, ndiye ngati ukuthamanga akupatsani piritsi ngati metoprolol mudikire kaye pabenchi. Kenaka kanula (kachubu kolowetsera mankhwala) pamkono, timawaya pachifuwa, kapiritsi kena pansi pa lilime kofutukula mitsempha komwe kamatha kupweteketsa mutu pang'ono. Mankhwala a ayodini aja akamalowa mumva kutentha thupi lonse mpaka kumaona ngati mwadzikodzera, musachite mantha zimatha msanga. Chachikulu ndi kugwira mpweya masekondi ngati 10 osagwedezeka, ndipo ngati Chitchaina simukuchimva bwino pemphani akuphunzitseni mawu omwe makina azinena musanagone, yesererani kunyumba kangapo. Mukamaliza imwani madzi ambiri.

Lipoti likatuluka musangomva kuti mtsempha ndi wolakwika basi nkuyamba kulira. Funsani kuti watulukira pati, wadutsa kuti, ndipo kodi pali gawo lomwe layenda mkati mwa khoma la aorta kapena kukamwa kwake kwaphwatalala. Wodutsa kutsogolo kapena kumbuyo kwa aorta ndi mtsempha wa kumapapo, osati pakati pake, nthawi zambiri amangousiya. Wakumanzere wodutsa pakati paja amalangiza opaleshoni ngakhale munthu sakumva kupweteka kulikonse, pomwe wakumanja amayamba akuthamangitsani pamakina kuona ngati magazi akuperewera, ndipo mpaka zotsatirazo zituluke mpira ndi jimu muziimike kaye. Tengani chimbale kapena mafayilo a zithunzi zenizenizo osati pepala lokha, dokotala wina adzafuna kuziona yekha.